Lenzi ya Mkamwini

Joni,
14 Meyi 2023

Okondedwa bambo a Takondwa,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi Takondwa ndi amayi. Ine kuno ndili bwino, kungoti chisanu chayamba kale ndipo zala zikumauma ndikamachapa. Ndalemba kalata chifukwa pafoni sitimasukirana. Inu mumaimbira pa golosale ya a Bizeki, anthu atatchera makutu ngati akumvera mpira, ndiye chilichonse mumangoyankha kuti "eya, eya."

M'katoni imene a Lameki abweretse pa thiraki yawo muli shuga, sopo, nsapato za Takondwa ndi juzi yofiira ya amayi. Pansi penipeni, m'sokosi yakuda, muli kamera. Musakomoke. Abwana anga agula ina yatsopano, ndiye iyi anati nditenge. Ndi za masiku ano zija, zopanda kalilole m'kati, n'chifukwa chake ndi yaing'ono ngati sopo wochapira. Koma yabwera yopanda diso. Malenzi awo onse asunga poti akulowanso pa yatsopanoyo. Kutsogoloko mupezako chivindikiro chabe, musachitsegule pafumbi.

Kuno kuli sitolo ina ya zinthu zogwiritsidwa kale ntchito, ndipo ndingakwanitse lenzi imodzi yokha. Imodzi, bambo a Takondwa. Inu ndi amene munkazungulira maukwati a ku Mua ndi kamera ya filimu yobwereka ija, ndiye ndiuzeni yoti ndigule.

Tsopano imvani chimene ndikufuna. Ndikufuna nkhope ya amayi. Osati amayi ataima patali ngati chitsa m'munda ayi, nkhope yeniyeni, yoti ndiikulitse ndiipachike pamwamba pa bedi langa. Zithunzi zathu zonse zinapita ndi madzi osefukira aja, ndipo mukudziwa kuti amayi akaona foni ikuwaloza amadziphimba ndi chitenje, chiyambire pamene anyamata anafalitsa chithunzi cha mnzawo uja kuti wamwalira ali moyo. Kubwera sindingabwere. Masiku a m'pasipoti anatha kalekale, ndikangotuluka sadzandilolanso kulowa, ndiye tizidya chiyani?

Ndikuuzeni chinthu chimene sindinauzepo munthu. Sabata yatha ndikusita, ndinafuna kukumbukira chipsera cha amayi chija, chimene bango linawacheka ali mtsikana. Ndinkachiseweretsa ndi chala ndili pamiyendo pawo. Koma kodi chili tsaya lakumanja kapena lakumanzere? Ndinaganiza mpaka ndinapsereza malaya a abwana. Mwana wanji woiwala nkhope ya mayi ake? Musauze munthu, ndachita manyazi. Mungondiuza inuyo.

Ndine mkazi wanu,
Bridget


Mtakataka,
11 Juni 2023

Wokondedwa make Takondwa,

Landira moni wochokera kuno kumudzi. Tonse tili bwino. Mpunga tamweta, wachitako bwino ngakhale mbalame zinatidyera mbali ya kumtsinje. Nsapato zamukwana Takondwa moti akufuna azigona nazo. Amayi juzi alandira, athokoza kudzera mwa a Fatuma, aneba athu aja. Ukapeza kangachepe utikumbukire za feteleza asanakwere.

Koma mkazi iwe! Nditatulutsa chinthucho m'sokosi ndinayamba ndakhala pansi. Mawa lake ndinapalasa njinga mpaka ku Golomoti kukatchajitsa batire kwa ometa tsitsi, ndipo ndinakhala pomwepo osasuntha kuopa kuti wina angandisinthire. Ikayaka, ukaika diso pa kabowo kake, umaona kakanema kakang'ono m'katimo. Panopa kakungoonetsa mbuu poti lenzi palibe, komabe ine ndimasuzumiramo tsiku lililonse ngati wopenga. Ndapezanso kuti ikhoza kujambula mwakachetechete, osalira kuti tcha ngati ya filimu ija. Zimenezi zitithandiza.

Za lenzi ndaganiza mokwanira. Ugule yaitali, yokoka zinthu zakutali. M'mphepete mwake mumalembedwa nambala, ndipo nambala ikakula ndiye kuti imakoka kwambiri. Upeze ya 200 kapena ya 300. Ukudziwa mmene tikhalira pano. Ine ndine mkamwini pamudzi pano, amayi ndi apongozi anga. Chikukwatirire sindinakhalepo nawo mphasa imodzi. Tikakumana panjira ya kudimba iwo amapatukira uku ine uko, moni timapatsana titafulatirana. Ndi lenzi yaitali ndikhoza kukhala pansi pa mtengo wa bwemba uja, iwo ali pakhonde pawo akuluka mkeka, n'kuwatenga nkhope yonse osawasowetsa mtendere.

Za chipsera, Bridget, undikhululukire. Sindikudziwa. Nkhope ya amayi sindinaiyang'anepo. Ndimadziwa mapazi awo, mipango yawo yonse, ndi katsokomoledwe kawo ka m'mawa, koma nkhope ayi. Ndinamufunsa Takondwa mozembera, analoza tsaya lakumanja. Mawa lake analoza lakumanzere, kenako analoza pamphuno n'kupempha switi. Kufunsa a Fatuma sindingathe. Angati mkamwini ameneyu akufunanji ndi masaya a apongozi ake?

Usadandaule, chithunzi chikatuluka chidzayankha chokha. Ndipo tikathana ndi za amayi, lenzi yomweyo ndingamadzajambulire nkhwazi za kudambo zija, ndi mpira wa anyamata Lamulungu. Eee, ndikungoona kale mmene zidzatulukire!

Ndine mwamuna wako,
Wyson


Joni,
16 Julayi 2023

Bambo a Takondwa,

Moni. Ine ndili bwino, ndikhulupirira inunso.

Kalata yanu ndinaiwerenga bwinobwino mpaka ndinafika pa nkhwazi. Pamenepo m'pamene ndinamvetsa zonse. Ine ndikulira nkhope ya mayi anga, inu mukuganiza za mbalame ndi mpira! Ndimakudziwani, bambo a Takondwa. Si inu amene munatha filimu yonse pa ukwati wa achimwene anu kujambula ng'ombe za pangolo, mkwatibwi n'kutuluka kamodzi kokha, atatsinzinanso? Musanamizire mwambo. Zothawana ndi apongozi n'zamakedzana, ndani akuchitabe zimenezo masiku ano? Kuno mkamwini wa abwana amapsompsona apongozi ake patsaya, ndipo palibe amene wafa. Mwakhala pamudzipo zaka zonsezi, mumawalimira, mumawakonzera denga, ndiye mundiuze kuti simungaime patsogolo pawo kanthawi kochepa?

Ndinafunsa abwana. Akuti ya 300 ndi ya mbalame ndi nyama zakutchire, ndi yolemera, ndipo imafuna dzuwa lambiri. Ya nkhope ya munthu, makamaka pamthunzi wa khonde kapena m'nyumba, akuti ndi yaifupi yotsegula diso kwambiri. Ndagula ya 35. Ndi yaing'ono ngati kabotolo ka mafuta odzola. Siimufuna yokha munthu, mumachita kupotokola mkombero wake ndi dzanja mpaka nkhope ioneke bwino, n'chifukwa chake inali yotsika mtengo. Wogulitsayo akuti muime pafupi, ngati mukupatsana moni wa pamanja, ndipo mulunjike padiso.

Amayi ndawalembera kapepala kawokawo, a Fatuma awawerengere, kuti kamerayi ndi yanga osati ya anyamata a mafoni. Avomera, ndi mayi anga. Za feteleza mudikire mwezi wamawa.

Chonde musandikhumudwitse. Ndimadzuka kusanache, ndimakolopa nyumba ya eni mpaka msana kuwawa, ndipo chibwerere kuno sindinakupempheni chinthu chachikulu. Ndikupempha ichi chokha.

Bridget


Mtakataka,
20 Ogasiti 2023

Make Takondwa,

Tili moyo. Kalata yako yandipweteka, koma sindiyankha zonse. Za nkhwazi ndinangolemba chifukwa cha chisangalalo.

Lenzi yafika ndipo ndi yabwino, abwana ako sananame. Takondwa ndamujambula mpaka nsidze zikuchita kuwerengeka. Ndajambula a Fatuma akuyanika usipa. Ngakhale m'kachipinda kathu, ndi kuwala kwa pawindo kokha, imatulutsa munthu ngati ali panja. Akanakhala munthu wina aliyense bwenzi ntchito itatha tsiku lomwelo.

Ndinayesa, Bridget, Mulungu ndi mboni. Amayi anavomera monga unanenera. Anasamba, anavala juzi ija ndi mpango wa kutchalitchi, anakhala pampando pakhonde. Ine ndinayambira pa bwemba paja. Ndili pamenepo, m'kamera ankaoneka ngati nyemba. Ndinasendera mpaka pankhokwe, akadali ang'onoang'ono. Ndinasenderanso mpaka pathandala la mbale. Pamenepo nditakweza kamera ndinaona kuti amayi atembenuka, ayang'ana kukhoma, mpango akokera kumaso. Sanachitire dala, thupi linangochita lokha monga lachitira zaka zonsezi. Inenso ndinangopezeka ndagwada, maso ali pansi. Tinakhala choncho, iwo kukhoma ine pansi, mpaka a Fatuma anafa nalo phwete, nkhuku n'kubalalika.

Ndiye ndinapereka kamera kwa a Fatuma. Ndinawaonetsa popotokola, koma maso awo ukuwadziwa, ulusi pasingano amachita kuwalowetsera ena. Anajambula zambiri ndithu. Zina mwatuluka denga, zina chala chawo, zina amayi ali mbuu ngati ali kuseri kwa utsi. Amayi anatopa, anati iwo si chidole, n'kulowa m'nyumba. Ndinatchula za mphunzitsi wina wa ku Mua wodziwa makamera, anakanitsitsa, akuti mlendo asadzawaloze ndi chinthu.

Ndakutumizira ziwiri zimene ndatsukitsa ku Salima. China ndi cha pankhokwe, amayi ndi kadontho kofiirako pakati pa khonde. China ndi msana wawo. Juzi yaoneka bwino kwambiri.

Sindikudziwa chochita. Ukati n'zamakedzana mwina ukunena zoona, koma miyendo yanga siinamve zimenezo.

Wyson


Mtakataka,
24 Seputembala 2023

Kwa mwana wanga Bridget,

Ndine mayi ako. Akulemba ndi a Fatuma, ndiye zilembo zikakhala zazikulu ngati za pathumba la feteleza usadabwe, ndi maso awo.

Uli bwanji kumeneko? Ine ndilipo, miyendo yokha ndiyo ikumatupa madzulo, ndipo mpweya ukumandithera ndikapita kumjigo. Juzi ndikuvalabe ngakhale kwatentha, anzanga akundiseka.

Ndamva kuti wamukalipira mwamuna wako chifukwa cha ine. Mwana iwe, kodi Joni yakuzunguza mutu? Bambo a Takondwa ndi munthu waulemu, m'mudzi muno mulibe mkamwini wina wotero. Nkhuni amasiya pakhomo ine ndisanadzuke. Akapha nkhuku, chiwindi chimabwera kwa ine ndi mwana. Zaka zonsezi sanandiyang'anepo m'maso, ndipo ine ndimanyadira chimenecho pakati pa anzanga. Ndiye iwe ukuwatuma adzaime pamphuno panga, diso ndi diso, ngati dokotala? Tsiku lija ndinawamvera chisoni. Thukuta lili kamukamu, kachinthu kako kali m'manja. Ine ndinafunitsitsa kuti ndiyang'ane, chifukwa cha iwe, koma khosi linakana.

Agogo ako anandilera choncho, ndipo bambo ako anamwalira asanaonepo mano a apongozi awo. Si kudana ayi. Ndi mmene timasungirana.

Akuti pali diso lina lotha kuona munthu uli kutali. Bwanji sunagule limenelo? Ine ndizikhala pakhonde ndi mkeka wanga monga mwa masiku onse, iwo achite zawozo ali ku bwemba, asandiuze tsiku. Ndizingovala mpango wabwino tsiku lililonse mpaka atatha.

Koma ndikufunse. Chithunzicho ukachipeza, ndiye kuti basi, subweranso? Pepala silingakufunse ngati wadya. Sindikukukakamiza, ndikudziwa kuti malata ali padengawa ndi msana wako. Ndangofunsa.

Ndakuikira mpunga pang'ono ndi usipa wa a Fatuma. Uzidya, unachoka kuno uli woonda.

Ndine mayi ako,
Namaliya

Ine Fatuma ndikuwonjezera pansi pano, iwo sakudziwa. Miyendoyo si yotupa pang'ono ayi, ukadina ndi chala pamatsala dzenje. Walahi, chimene ukuchita uchite msanga.


Joni,
22 Okutobala 2023

Okondedwa bambo a Takondwa,

Pepani. Ndayamba ndi mawu amenewa moni asanabwere chifukwa ndi amene akundilemera. Muli bwanji nonse? Kalata ya amayi ndinakawerengera m'bafa, ndinalira mpaka adona anagogoda. Ndakhalitsa kuno, ndayamba kuiwala zambiri, si chipsera chokha. Inu munanena zoona poyamba pomwe, ine n'kukutukwanani ndi nkhwazi.

Chithunzi cha msana chija ndachipachika. Ndimachiyang'ana n'kumati mwina atembenuka.

Ndapita kusitolo kuja. Ya 300 ilipo, yakale, yaitali ngati kamunsi, koma iyi imamufuna yokha munthu. Mwini sitolo wavomera kusinthitsa, akuti ndimubwezere ya 35 ndi kuwonjezera pang'ono pamwamba. Kugula osabweza inayo sindingathe, mwezi uno lendi yakwera. Ndiye muikulunge bwino, muwapatse a Lameki ulendo uno. Akangofika nayo ndithamangira kusitolo, yaitaliyo ibwera ulendo wotsatira, Khirisimasi isanafike.

Mwini sitoloyo wandichenjeza kuti yaitaliyo siiona chinthu chapafupi. Munthu akayandikira kuposa utali wa ngolo, imangoti mbuu. Ndinaseka, ndinati mwamuna wanga ndi apongozi ake sadzayandikirana choncho mpaka Yesu adzabwere.

Amayi muwatengere kuchipatala ku Mua, musadikire. Muwauze kudzera mwa a Fatuma kuti funso lawo ndalimva, koma yankho ndilibe.

Ndine mkazi wanu,
Bridget


Mtakataka,
17 Disembala 2023

Wokondedwa make Takondwa,

Kupepesa kwako ndalandira, nkhani ija inatha. Ine ndi Takondwa tili bwino. Mvula yayamba, chimanga tadzala. Foni yako ndayesa kangapo, siikupezeka, ndiye kalatayi ndapatsira a Yusufu amene akubwera kumeneko pa basi.

Ya 35 ndinapereka kwa a Lameki monga unanenera. Yaitali mpaka lero kulibe. Ndikamva thiraki ikulira kumsewu ndimasiya khasu. A Bizeki akuti amva kuti galimoto inawafera a Lameki ku Mozambiki, akudikira chitsulo, kaya popita kaya pobwera palibe akudziwa. Kamera yabwerera m'sokosi, yopanda diso monga inabwerera.

Amayi tinawatengera ku Mua pangolo, anagonekedwa. Madokotala ayesetsa, akuti mtima watopa, atipatsa mankhwala oti azimwera kunyumba. Bridget, ndisakubisire. Chibwerere kuchipatala sanatulukepo pakhonde. Mkeka umene ankaluka uli pomwepo wosatha, mbuzi zayamba kudya milaza yake. A Fatuma ndi amene akugona nawo. Ine ndimafika pawindo n'kupereka moni nditayang'ana kumbali, iwo amayankhira m'katimo ndi mawu ang'onoang'ono.

A Fatuma akuti m'mawa uliwonse amayi amawauza kuti awamange mpango wabwino, akuti mwina lero ndiye tsiku lake. Miyezi yonse ija ankakhala pakhonde, kuwala kuli bwinobwino kumaso kwawo, ine ndili pa bwemba ndi lenzi yosafika. Lero ali m'kachipinda ka mdima, momwe ya 35 ija ikanagwira ntchito, ndipo ndaitumiza ndi manja anga omwe. Ndikaganiza zimenezi chakudya sichilowa.

Ngati sunasinthitse, usasinthitse. Uibweze yomweyo. Woigwira sindikumudziwa, mwina tsopano amayi amulola mphunzitsi uja.

Ndine mwamuna wako,
Wyson


Joni,
6 Januwale 2024

Bambo a Takondwa,

Kalata yanu a Yusufu andipatsa dzulo. Foni anandibera m'takisi, nambala yatsopano ndalemba kuseriku.

Ndinasinthitsa kale, tsiku lomwe a Lameki anafika. Yaitali ili m'thiraki yawo ku Mozambiki komweko, galimoto inawafera akubwerera kwanuko. Lero m'mawa ndathamangira kusitolo kuti mwina ya 35 ija ikadalipo, ndigwade andikongoze. Inagulidwa Khirisimasi isanafike. Ndinaima pakhomo pa sitoloyo ngati chitsiru mpaka mlonda anandifunsa ngati ndadwala.

Ndafunsa za kubwera. Abwana akuti ndikapita malo anga sangasunge, ndipo pa boda adzandidinda kuti ndisadzalowenso kwa zaka. Ndakhala pansi, ndaimirira, ndakhalanso pansi. Ndikabwera, mankhwala a amayi tizigula ndi chiyani? Nanga ndikapanda kubwera? Mayo ine, sindikudziwa.

Ikafika, chitani chilichonse chimene mungathe. Ngakhale khutu lokha. Muwauze amayi kuti asamavutike ndi mpango, ine ndikuwafuna mmene alili.

Bridget


Mtakataka,
18 Febuluwale 2024

Wokondedwa Bridget,

Za maliro tinalankhula pafoni, ndipo nyimbo unamva wekha a Bizeki atakweza foni m'mwamba kumanda. Sindibwereza. Anthu anabwera ambiri, amayi agona pafupi ndi bambo. Takondwa ali bwino, kungoti akufunsa mafunso ovuta. Ndikulemba zimene sindikanatha kunena anthu akumva.

Lenzi inafika kumapeto kwa Januwale. A Lameki anabwera okha kudzapepesa, ataonda ngati adwala. Ndi yokongola, Bridget. Nditaima pa bwemba ndinaona mlaza uliwonse wa mkeka uja pakhonde, ndi nyerere zikuyendapo. Pampando panalibe munthu.

Sabata yomweyo amayi anatsetsereka pabedi n'kugwa pansi, a Fatuma analephera kuwadzutsa. Ndinamva akundiitana, osati kudzera mwa munthu ayi, iwo eni ake. "A Wyson, lowani." Chikukwatirire ndinali ndisanamvepo dzina langa pakamwa pawo. Ndinaima pakhomo ngati mwana wolakwa. Anati, "Lowani, bambo. Manyazi atha ntchito. Kuyambira lero ndinu mwana wanga, a Fatuma ndi mboni. Nkhuku yokumasulani mukagwire nokha, ine sindingathamangitse." Ndinawanyamula. Anali opepuka ngati mtolo wa milaza youma.

Nditawagoneka anati, "Katengeni chija, mwana wanga aone." A Fatuma anawamanga mpango. Ndinabwera ndi kamera, ndinakanikiza msana kukhoma, koma kachipinda kaja ukukadziwa. Lenzi inkangolira, kupita kutsogolo, kubwerera, kufunafuna munthu amene ali pamphuno pake osamupeza. Ndinazungulira kuwindo, kunalinso pafupi. Ndinabwerera chafutambuyo mpaka pabalaza, khoma linanditchinga poti bedi lili pakona. Tinati tikoke bedi liyang'ane kukhomo, amayi anabuula, tinasiya. Pomaliza ndinagwada pakati pa matumba a mpunga, lenzi nditaitsamiritsa pamtondo, ndikuonera pampata wa chitseko. Mdima unali wambiri moti ndikangopuma chithunzi chinkagwedezeka. Ndinajambula mpaka batire linatha. Amayi sanatembenukire kukhoma ngakhale kamodzi. Anayang'ana kwa ine nthawi yonseyo, kenako anafunsa kuti, "Kodi ndaoneka?" Ndinati eya, amayi, mwaoneka bwino. Nanga ndikanati chiyani?

Tinagwirizana kuti mvula ikakata tiwanyamulire pakhonde, ine ndikaime pa bwemba monga tinkafunira poyamba. Mvula siinakate, chifuwa chinawagwira, ndipo zotsalazo ukuzidziwa.

Mwa zonse zija chimodzi chokha ndicho chagwira, ndi ichi ndaika m'kalatamu. Si nkhope imene unapempha. Ndi tsaya lokha, kona ya diso, ndi m'mphepete mwa mpango. Munthu wosadziwa sangazindikire kuti ndi ndani. Undikhululukire. Kamera ndaibwezera m'sokosi, ukafuna tiigulitse, nkhwazi sindikuzifunanso.

Koma masiku otsalawo ndinkakhala pambali pa bedi lawo kuwamwetsa phala, ndipo ndinawayang'ana, Bridget, ndinawayang'anitsitsa m'malo mwako. Nsidze zawo zinali zoonda, imodzi yokwera pang'ono ngati akufunsa funso. Mano akutsogolo anali ndi mpata ngati wa Takondwa. Akafuna kuseka ankayamba ndi mphuno, monga umachitira iwe. Ukadzabwera ndidzakuuza zonse pang'onopang'ono, ndipo ndidzabwereza mpaka utakhuta.

Chipsera chili tsaya lakumanja. Chimayambira pansi pa diso n'kutsikira cha kukhutu. Anandigwira chala n'kuchiyendetsa pamenepo, akuti ndi mmene unkachitira iwe.

Ndine mwamuna wako,
Wyson